Oyilo Akadontha, Tisathamangire Kuthira Wina

Tsiku lina mukadzafika pa Kapata m'mawa, musayambe mwayang'ana anthu. Yang'anani pansi. Pamalo pomwe anyamata a mahonda amaimika njinga zawo podikira makasitomala, dothi silofiiranso ngati la kwina konse mu Chipata. Lada bii, ndipo mvula ikagwa madzi ake amaoneka ngati utawaleza. Ku Saturday Market n'chimodzimodzi, ku Down Shops n'chimodzimodzi. Tinazolowera kwambiri moti sitionanso kuti dontho lililonse pamenepo ndi ndalama ya munthu.

Ukamuuza mnzako kuti honda yake idontha, yankho umalidziwa asanatsegule pakamwa: "Ni yakudala iyi, boi. Zakudala zonse zimadontha. Nizathira wina." Ife tikukana zimenezo. Njinga yakale siidontha chifukwa cha zaka zake. Imadontha chifukwa pali labala lina lomwe lauma, bawuti ina yomwe yamasuka, kapena kapaipi kena komwe katsekeka, ndipo malowo angapezeke ndi aliyense amene ali ndi maso, sopo ndi ola limodzi. Ganizo lathu ndi lakuti wachinyamata aliyense wa mu Chipata amene amadyera pa njinga yamoto ayenera kuphunzira kupeza yekha pomwe oyilo akutulukira, asanagule chitsulo chilichonse komanso asanapereke njinga kwa makanika. Sitinabadwe tikudziwa izi. Tinaphunzira titataya ndalama, ndipo wina wa ife atasiya khungu lake pa tala.

Njinga ya amalume

Ndife anayi, tinakulira limodzi ku Mchini. Amalume a mmodzi wa ife anali alangizi a zaulimi, ndipo kwa zaka zambiri ankayendera midzi ya ku Chadiza pa Honda CG125, njinga yomwe ndi yaikulu kuposa aliyense wa ife. Atapuma pa nchito anaiika m'kanyumba kosungiramo katundu, pansi pa masaka a nshawa. Titawapempha, anatiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Mukaidzutsa ndi yanu. Mukaipha musadzabwere kudzalira kuno."

Tinaidzutsa. Tinatsuka kabuleta, tinasintha pulagi, tinathira petulo watsopano ndi oyilo watsopano, ndipo pa kiki yachisanu inalira. Tinavina pabwalo ngati tawina mpira. M'mawa mwake pansi pake panali chizindikiro chakuda chachikulu ngati chikhatho.

Kwa miyezi iwiri tinachita zomwe aliyense amachita. Tinkathira wina. Kenako mnzathu wina amene amadzitcha katswiri anaona oyilo pa zipsepse za injini n'kutiuza motsimikiza kuti ndi gasiketi ya hedi. Tinasonkherana, tinagula, tinamasula hedi tsiku lonse la Chiweru, tinabwezera. Inadonthabe. Tinagula silikoni n'kumata paliponse pomwe panali ponyowa, injini n'kuoneka ngati mwana wadya phala yekha. Inadonthabe. Tsiku lina mmodzi wa ife akuchokera ku msewu wa ku Lundazi atanyamula mlongo wake ndi dengu la tomato, tayala la kumbuyo linatsetsereka pokhota. Anali pa liwiro laling'ono, Mulungu anathandiza, koma chigongono chinasupuka ndipo tomato anathera mu ngalande. Titayang'ana tayalalo, mbali yake ya kumanzere inali yonyezimira ndi oyilo.

Ufa wa amdala

Tsiku lotsatira tinaikankha mpaka kwa amdala ena amene amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, munthu amene anayamba kugwira sipanala makolo athu asanakwatirane. Tinawafotokozera zonse. Iwo anangofunsa kuti, "Adzukulu, munaona ndi maso anu oyilo akutuluka pa gasiketi ya hediyo?" Tinati ayi, koma panali ponyowa. Anaseka. "Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Injini yonse yanyowa, inde. Nanga yakulumani ndi iti?"

Sanatenge sipanala. Anatipatsa bulashi yakale ya m'mano, kachitini ka palafini ndi ndowa ya madzi a sopo, n'kutiuza kuti injini ikazizira titsuke mpaka ioneke ngati mbale. Anatichenjeza kuti tisatsukire petulo, chifukwa mbaula ya amayi ogulitsa chimanga chootcha inali pafupi, komanso tisathire madzi ozizira pa injini yotentha. Titatsuka tinaisiya padzuwa mpaka inauma gwa. Kenako anatuma kamdzukulu kawo kukatenga ufa kukhitchini. Anauwaza pang'ono pa injini yonse, pamwamba, m'mbali ndi pansi, anachotsa kachivundikiro ka giya yaing'ono ya tcheni n'kuwazanso m'menemo. "Lizani, muisiye ilire mphindi khumi. Mukatero muzungulire kamodzi mpaka pa kona, mubwere."

Pa ufa woyera, oyilo sabisala. Tinaona timizere tiwiri takuda. Koyamba kanayambira pamwamba penipeni, pa labala la chivundikiro cha matapeti, n'kutsika kudutsa pa mzere wa gasiketi ya hedi ija. Gasiketi yomwe tinachotsa inalibe mlandu. Oyilo ankangodutsapo pochokera kumwamba, ndipo ife pobwezera hedi tinabwezeranso labala lakale lomwelo, louma ngati chikopa. Kachiwiri kanayambira kuseri kwa giya yaing'ono ya tcheni, pa silu ya shafuti. Kuchokera pamenepo tcheni ndiye inkanyamula oyiloyo n'kumuwaza ku tayala la kumbuyo.

Lamulo lomwe tinatola tsiku limenelo ndi ili: oyilo amayenda motsika, ndipo njinga ikamathamanga mphepo imamukankhira kumbuyo. Choncho pomwe akudonthera pansi si pomwe akutulukira. Funani malo onyowa amene ali pamwamba kwambiri komanso kutsogolo kwambiri. Pamenepo ndiye pali bala.

Malo amene injini zathu zimakonda kudonthera

Kuno njinga yamoto iliyonse timaitcha honda, kaya ndi Boxer, TVS kapena Lifan. Injini zake ndi zazing'ono, za silinda imodzi, zoziziritsidwa ndi mphepo, ndipo malo odonthera ndi ofanana. Tikayamba pamwamba pali chivundikiro cha matapeti ndi labala lake, lomwe ndi lotchipa komanso losavuta kusintha. Pansi pake pali gasiketi ya hedi, kenako gasiketi ya pansi pa silinda. Izi zimafuna kumasula zambiri, ndiye musazinamizire mlandu ufa usanakuonetseni. Kumanja kuli gasiketi ya chivundikiro cha kilatchi, silu ya kiki, ndi kalabala kozungulira pa chotsekera chomwe timayezera oyilo. Kumanzere kuli silu ya ndodo yosinthira magiya ndi silu ya kuseri kwa giya yaing'ono ya tcheni. Pansi penipeni pali bawuti yotulutsira oyilo ndi washala kapena kalabala kake, komwe ambiri timabwezera komweko chaka ndi chaka mpaka kaphwatalala.

Si chakuda chilichonse chomwe ndi oyilo wa injini. Girisi kapena oyilo amene tapaka pa tcheni amawazikira malo omwewo a silu ya giya yaing'ono, koma iye amakhala wolimba ndi womata, pomwe wa injini ndi wamadzimadzi ndipo amabweranso mukapukuta. Oyilo akamatsika pa mashokapu a kutsogolo, amenewo ndi masilu a mashokapu, ndipo ngozi yake ndi yakuti akhoza kufika pa buleki ya kutsogolo. Chonyowa chomwe chikununkha petulo n'kuuma msanga chikuchokera ku kabuleta kapena ku kapaipi ka thanki.

Palinso kudontha komwe sikufika pansi. Oyilo akamatsika pa choyezera koma pansi pali pouma, yang'anani ku ekizozi. Utsi wabuluu pa injini ya mtundu wa CG kapena Boxer ukutanthauza kuti injini ikuotcha oyilo, mwina chifukwa malingi a pisitoni atha kapena masilu a mavavu auma. Koma musasokoneze ndi njinga ngati Yamaha DT125 kapena AG100, zomwe zimaotcha oyilo wa 2T pamodzi ndi petulo mwadala. Kwa izo utsi pang'ono ndi chibadwa. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, zomwe zimachitika kwa amene amaoloka mitsinje nthawi ya mainza. Akamanunkha petulo n'kumakwera pa choyezera m'malo motsika, kabuleta ikusefukira, ndipo n'chifukwa chake akuluakulu amatseka kampopi ka petulo akaimika njinga usiku.

Funso lachiwiri

Ife tinali okonzeka kuthamangira ku shopu kukagula labala ndi silu. Amdala anatiimitsa. "Mwapeza pomwe akutulukira. Nanga chamutulutsa n'chiyani? Mukasintha silu osadziwa chomwe chinaipha, yatsopanoyo ifanso."

Anagwira tcheni ndi chala. Inali yolimba ngati chingwe cha gitala. Tinaikoka tokha poganiza kuti tcheni yolimba ndiyo yabwino. Tcheni imafuna mpata wosewera wa masentimita awiri kapena atatu pakati pake, chifukwa munthu akakwera ndi katundu imakokeka kwambiri. Ikakhala yolimba imakoka shafuti mbali imodzi, n'kudya silu, kenako belingi. Atatero anatsatira kapaipi kakuda komwe kamachokera pamwamba pa bokosi la injini, kopumira injini. Anakachotsa n'kupuziramo, mpweya osadutsa. Analowetsa kawaya, ndipo munatuluka dothi louma. Mavu anamangamo nyumba zaka zomwe njinga inagona pansi pa masaka a nshawa.

Pisitoni ikamakwera ndi kutsika, mpweya wa m'bokosi la injini umafuna potulukira. Kapaipi kakatsekeka, mpweyawo umakankha oyilo kupyola pa silu ndi gasiketi iliyonse yofooka. Kudzaza oyilo mopitirira mzere kumachitanso chimodzimodzi, ndipo ife, pochita mantha ndi kudontha, tinkathira mpaka pakamwa. Tinkadyetsa matenda tikuganiza kuti tikupereka mankhwala. Kayezedwe koyenera ndi aka: lizani injini pang'ono, zimitsani, dikirani mphindi zingapo, imikani njinga chilili pamalo osapendekeka, pukutani choyezera, ndipo pa injini za mtundu wa Honda mungochikhazika pakamwa osachipotokola. Oyilo akhale pakati pa mizere iwiri.

Silikoni wathu uja anawakwiyitsa kwambiri. Wotuluka kunja ndi wonyansa chabe, koma wofinyikira m'kati amaduka tizidutswa n'kukatseka kasefa kapena tinjira ta oyilo topita ku hedi. Anationetsanso kamangidwe ka mabawuti. Bokosi la injini ndi la aluminiyamu, chitsulo chofewa, ndipo kukoka bawuti ndi mphamvu zonse kumadya mazinga ake, kudontha kwa labala lotchipa n'kusanduka nchito ya kwa owotcherera. Mabawuti a chivundikiro amamangidwa pang'onopang'ono, modumphadumpha, iyi kenako yoyang'anana nayo. Gasiketi yakale imapalidwa mofatsa, osakanda chitsulo ndi sikuludiraiva. Silu yatsopano imapakidwa oyilo pamlomo pake isanalowe, n'kukankhidwa mofanana mbali zonse. Tinachita zonsezi ndi manja athu, iwo atakhala pa kampando akulozera ndi kamtengo. Kuyambira tsiku limenelo pansi pa njinga ya amalume pamagona pouma.

Injini yokhululuka nayo ili ndi malire

Mbiri ya njingayi ili ndi phunziro. Mu 1974 akatswiri a Honda anayendera maiko ngati Thailand, Indonesia, Philippines ndi Pakistan kuti aone mmene anthu amagwiritsira nchito njinga. Anapeza banja lonse pa njinga imodzi, oyilo wosasinthidwa mpaka kulimba ngati phala, masefa a mpweya otsekeka ndi fumbi, matcheni otha. Anabwerera ku Japan n'kupanga CG125, yomwe inatuluka mu 1975, yokhala ndi injini yosavuta, yotsegula mavavu ndi timitengo tachitsulo m'malo mwa tcheni ya m'kati, komanso sefa ya mpweya ya siponji yomwe imatsukidwa n'kubwezeredwa. Mafakitale ambiri a ku China anatengera kapangidwe kameneka, ndipo n'chifukwa chake ukayang'ana injini zambiri pa siteji ya mahonda umaona nkhope ya CG.

Tinganene kuti injiniyi anaipangira anthu ngati ife, a fumbi, katundu wolemera ndi matumba opepuka. Koma kukhululuka kwake kwatipusitsa. Injini yotere imasunga oyilo pafupifupi lita imodzi yokha. Lita imeneyo ndiyo imafewetsa pisitoni, magiya ndi kilatchi, ndiponso imathandiza kuchotsa kutentha chifukwa mulibe madzi oziziritsa. Kapu imodzi ikatayika, gawo limodzi mwa magawo anayi lapita. Ganizirani zimenezo mu October, dzuwa likuswa mtengo, mutanyamula munthu ndi thumba la feteleza, mukukwera mapiri a ku Mwami kapena mukutsikira ku chigwa pa msewu wa ku Mfuwe. Injini ikagwira, simukambanso za labala. Mukamba za pisitoni, silinda, mwinanso kilankishafuti, ndi masabata osagwira nchito.

Tiwerengerenso za "nizathira wina". Amene amathira kapu imodzi pa sabata, pa chaka wathira malita 13. Amenewo ndi oyilo wokwanira kusintha kambirimbiri, ndipo watayikira pa Kapata. Choipa china n'chakuti wothira pamwamba amadzinamiza kuti oyilo wake ndi watsopano nthawi zonse, n'kusiya kusintha. Zinyalala ndi tizitsulo tomwe tadyeka zimatsalabe pansi pa injini. Injini ya CG ilibe sefa ya pepala, ili ndi kasefa ka waya komwe kamafuna kutsukidwa posintha oyilo. Ife, chifukwa cha fumbi la kuno ndi ukalamba wa njinga, tinagwirizana kusintha pa makilomita 1,000 alionse, ndipo timagula oyilo wa njinga zamoto wolembedwa JASO MA pa botolo, chifukwa oyilo wina wa magalimoto amatereretsa kilatchi yomwe imasambira mu oyilo yemweyo.

Zomwe anzathu amatiyankha

Tikakamba izi pa siteji, mayankho amabwera atatu, ndipo onse ali ndi nzeru zake.

Loyamba ndi lakuti nthawi ndi ndalama. Ola lomwe ukutsuka injini, anzako anyamula makasitomala asanu. N'zoona. Koma palibe amene akuti utsuke pa nthawi ya phokoso la m'mawa. Pa Sondo masana tauni imagona, ndipo ola limodzi limenelo ndi lotchipa kuposa masiku omwe njinga idzagone ku galaji ikudikira zitsulo zochokera ku Lusaka kapena ku Lilongwe.

Lachiwiri ndi lolemera kwambiri: "Njinga si yanga, ni ya abwana. Ine nipereka ndalama ya tsiku, zina ni zao." Apa mlandu ndi wa mbali ziwiri. Eni njinga ambiri amafuna ndalama madzulo alionse koma safuna kumva za silu, ndipo wokwera akanena za kudontha amamuona ngati akufuna kuba. Kwa eni njinga tikuti, muzipatula kandalama ka zokonzera sabata iliyonse, ndipo wokwera amene wakuuzani za dontho msanga muzimuthokoza, chifukwa wapulumutsa injini yanu. Kwa okwera tikuti, injini ndi ya abwana, koma chigongono ndi chako, ndipo kasitomala amene wakwera kumbuyo wakukhulupirira iwe, osati abwana ako. Tayala lonyowa oyilo silifunsa dzina lomwe lili pa mapepala a njinga.

Lachitatu limachokera kwa amakanika: "Mukufuna kutilanda nchito." Ayi. Amdala athu sanataye kasitomala, anapeza anayi amene amabwera akudziwa chomwe akufuna ndipo satsutsa mtengo wa nchito yeniyeni. Kutsegula bokosi la injini, kusintha belingi, kuboola silinda, zimenezo n'za amakanika ndipo zidzakhala zawo. Amene angadandaule ndi makanika yekhayo amene amadyera pa umbuli wa kasitomala, womuuza kuti injini yonse itsike pomwe vuto ndi washala. Safunsa anadya phula, ndipo wosadziwa njinga yake sadziwa n'chofunsa chomwe.

Dziko lina linayesa kale

Izi si nzeru za pansi pa mango zokha. Bungwe la Riders for Health, lomwe anayambitsa Andrea Coleman, Barry Coleman ndi katswiri wa mipikisano ya njinga Randy Mamola, linabadwa chifukwa cha zomwe anaona mu Africa muno: njinga za azaumoyo zitaunjikidwa kuseri kwa zipatala, zina zitayenda pang'ono chabe, zitafa chifukwa chosowa chisamaliro chaching'ono. Yankho lawo silinali kugula njinga zamphamvu. Linali kuphunzitsa wokwera aliyense kuyendera njinga yake m'mawa uliwonse asananyamuke: petulo, oyilo ndi tcheni, zofunika kukoka kapena kumasula, manati ndi mabawuti, mabuleki ndi matayala. Anayamba kuonetsa kuti zimatheka ku Lesotho m'zaka za m'ma 1990, ndipo anagwiraponso nchito kuno ku Zambia. Ngati namwino amene sanagwirepo sipanala angaphunzire zimenezi, ife amene timakhala pa chishalo kuyambira m'mawa mpaka usiku tilibe chodzikhululukira.

Chipata ndi mzinda wa njinga kuyambira kale. Njinga za Eagle zinkapangidwa konkuno ku Luangwa Industries, ndipo mwana aliyense wa ku Kum'mawa amakula akudziwa kumata chubu ndi kubwezera tcheni. Palibe mnyamata wa njinga yakapalasa amene amapita kwa makanika chifukwa tcheni yagwa. Titakwera njinga zamoto tinasiya mwambo umenewu m'mbuyo, ngati kuti injini ndi zamatsenga. Tikufuna mwambowo ubwerere.

Pali zomwe atsogoleri angachite. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo mbali ina ndi yolipirira achinyamata maphunziro a luso. Tikupempha makhansala athu ndi masukulu a pansi pa TEVETA, monga Chipata Trades Training Institute, aganizire maphunziro afupiafupi a kasamalidwe ka njinga zamoto, a madzulo kapena a kumapeto kwa sabata, omwe wokwera angapite osasiya nchito. Atsikana asasiyidwe. Pa anayi ife, amene ali ndi dzanja labwino polowetsa silu ndi mlongo wathu yemwe uja anagwa ndi tomato. Komiti ya siteji iliyonse ingathenso kusonkherana bokosi limodzi la masipanala, bulashi ndi palafini, n'kuika lamulo lakuti njinga yonyowa tayala isanyamule munthu mpaka itakonzedwa.

Oyilo wakale apite kuti

Kuphunzira kusintha oyilo tokha kumabwera ndi udindo. Lita yakuda ija isathiridwe mu ngalande kapena kuseri kwa nyumba. Mvula ikabwera zonse zimatsikira ku Lunkhwakwa ndi m'madimba momwe mumachokera repu ndi tomato zomwe timagula pa msika, ndiponso m'makomboni athu ambiri amamwa madzi a m'zitsime zosazama. Malamulo a zachilengedwe omwe bungwe la ZEMA limayang'anira amaika oyilo wogwiritsidwa kale nchito m'gulu la zinyalala zoopsa. Muikeni m'chigubu chotsekeka, kutali ndi ana, n'kukamusiya ku galaji komwe amasonkhanitsa. Ndipo chonde, tisiye zopaka oyilo wakale pa zilonda za ziweto kapena za anthu. Muli zitsulo ndi zotsalira za moto zomwe siziyenera kukhudza khungu.

Katoni pansi pa njinga

Sitikupempha aliyense kuti akhale makanika. Tikupempha chinthu chimodzi usiku uno. Mukaimika njinga, yalani katoni yoyera pansi pa injini. M'mawa muidzutse n'kuiwerenga. Ikakhala youma, yezani oyilo, gwirani tcheni, yesani mabuleki, nyamukani. Mukapeza dontho, onani mtundu wake, linunkhizeni, ndipo pa Sondo mutenge sopo, bulashi ndi kaufa pang'ono. Mukapeza pomwe akutulukira mufunsenso chomwe chamutulutsa.

Mwezi watha tinapita ndi njinga ija kwa amalume. Sanatipatse moni msanga. Anagwada movutikira, analowetsa dzanja pansi pa injini, n'kuyang'ana zala zawo. Zinali ndi fumbi lokha. Anadzuka, anapukuta m'thalauza, n'kufunsa ngati tingawaperekeze ku Chadiza Chiweru chikubwerachi kukaona anzawo akale. Tinavomera, ndipo tawagulira kale chisoti.